Ndapenta pamwamba pa laimu wa malemu apongozi

Aphungu,

Ndithandizeni, mtima uli m'mwamba. Ndine bambo wapabanja, ntchito yanga ndi yokonza mafiriji. Za penti sindizidziwa, koma taonani zimene ndadziputira.

Apongozi anga aamuna anawachita opaleshoni ya mwendo, ndiye akukhala kwathu mpaka apeze bwino. Nyumba yawo ndi yotseka, makiyi ali ndi ine. Tsiku lina nditapita kukathirira maluwa awo, ndinaona khoma lakunja litachita mbuu, mwina muli mizere ya madzi a mvula. Ndinati eya, apa mpamene mkamwini aonekere. Ndipente mwakachetechete, akadzabwerera adzangoti kukamwa yasa.

Ndinakagula penti wa oyilo, wonyezimira uja. Wa m'shopu anandifunsa kuti, "Khomalo lili ndi chiyani panopa?" Ine ndi changu changa ndinangoti, "Khoma ndi khoma, achimwene, ndipatseni." Ndinasesa akangaude ndi tsache n'kuyamba kupaka. Ndinamaliza kutsogolo ndi mbali yoyang'ana kumsewu. Kunakongola, Aphungu, mpaka ndinajambula ndi foni.

Pasanapite nthawi penti uja wayamba kutuluka matuza. Ukabaya ndi chala akuphulika, ukakoka akusupuka ngati khungu la mbatata yophika, pansi pake n'kumatuluka ufa wabuluu. Mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, ataona anaseka mpaka kukhala pansi. Amvekere, "Alamu, nyumba mwaipatsa chipere!"

Ndinalimba mtima n'kumutenga mkazi wanga kuti akaone. Iye sanaseke. Anagwira ufa uja n'kunena kuti, "Uyu ndi laimu wa amayi. Ankasakaniza okha ndi buluu n'kupaka ndi manja awo. Chimwalirireni, ababa anakana kuti munthu akhudze khoma limeneli, ngakhale ife ana awo." Ine sindinkadziwa, Aphungu, koma sindinafunsenso.

Tsopano apongozi ayamba kuyenda ndi ndodo ndipo akungoti, "Ndasowa khonde langa, mundiperekeza liti?" Mmisiri wina wandiuza kuti khomalo lofunika kulipala mpaka pa pulasitala. Ndiye kuti ndikapale ndi manja anga ntchito yomaliza ya malemu? Mlamu uja akuti ndingokutirapo penti wina wokhuthala, akuti maso a mdala anafooka sadzaona kanthu.

Bambo amenewa sananditchulepo kuti mkamwini, amati "mwana wanga". Ndikuopa kuti mawu amenewo ndiwamva komaliza. Ndikutire, ndipale, kapena nditani?

T.M., wa pafupi ndi depoti ya mabasi

Bambo T.M.,

Pumani kaye, nyumba sinagwe. Koma nzeru ya mlamu wanuyo muitaye kutali. Penti wachiwiri adzangolemera n'kukoka woyambayo, zonse zidzagwa zigamba zigamba mvula ikangoyamba. Komanso maso a apongozi anu angafooke, mphuno ayi. Fungo la penti wa oyilo adzalimva akadali pageti.

Chimene chachitika n'chosavuta kumva. Laimu akakalamba amasanduka ufa, ndipo penti sagwira pa ufa. Wa m'shopu uja anakufunsani funso labwino, inu n'kumuyankha ngati mukuthamangira basi. Safunsa anadya phula, bambo, ndipo inu mwadya chisa chonse. Koma madzi akatayika saoleka, tiyeni tione za kutsogolo.

Ntchito yoyamba siili pakhoma. Ili pabalaza panu pomwepo, pamene pakhala apongozi anu. Auzeni asanapite kunyumbako, mkazi wanu ali pambali, mlamu woseka uja ali kunja. Musayambe ndi nyimbo ya "ndimafuna kukusangalatsani". Nenani kuti munapenta khoma lawo osapempha, simunkadziwa za laimu wa amayi, ndipo laonongeka. Kenako tsekani pakamwa, alankhule ndi iwo. Muwauzenso kuti kuseri ndi mbali inayo simunakhudze, buluu wa amayi akadalipo. Makoma amenewo asiyeni, musawayandikire ngakhale ndi tsache.

Akakulolani, mmisiri uja wanena zoona, makoma mwapentawo apalidwe basi. Pezani chitsulo chopalira ndi bulashi ya waya. Muzinyowetsa khoma pang'ono kuti fumbi lichepe, ndipo mutseke mphuno ndi maso chifukwa laimu amaotcha. Makwerero akugwirireni mlamu wanuyo, aone ngati aseke ali pansi pa fumbi. Mukamaliza tsukani khoma ndi madzi, matani ming'alu, mulisiye liume bwinobwino. Ndiye pukutani ndi chikhatho. Chikatuluka ndi ufa, simunamalize, bwerezani.

Zoti papakidwe chiyani musasankhe ndinu. Akati penti, yambani ndi pulayima, penti woyambira uja, kenako penti wa panja, ndipo nthawi ino mumuuze wa m'shopu zonse. Akati laimu, ine sindingadabwe, onetsetsani kuti penti wa oyilo wachokeratu, chifukwa laimu naye sagwira pa oyilo. Muwapemphe akuuzeni mmene malemu ankasakanizira buluu wawo. Muwaikire mpando pamthunzi, azikulozerani ndi ndodo, inu muzipaka. Osapaka dzuwa lili pamutu kapena mitambo itachita bii, mungadzandilemberenso kalata ina.

Za mantha anuwo, sindikunamizani kuti adzaseka. Angakwiye, mwina misozi igwe. Alekeni. Akulira mkazi wawo, ndipo inu mwangoponda pachilonda mosadziwa. Munthu amene amakutchulani mwana wake amadziwa kuti ana amalakwa. Chimene sangachimeze ndi kupusitsidwa ali pa ndodo m'nyumba mwanu, akudya nanu mbale imodzi.

Chenjezo langa ndi ili, musadikire tsiku lowaperekeza. Akadzazionera okha atatsika galimoto, sadzayamba ndi inu. Adzayang'ana khoma, kenako adzatembenukira mwana wawo n'kumufunsa kuti, "Nawenso umadziwa?" Mkazi wanuyo wataya kale mayi. Musamuimike pamenepo, lankhulani lero.

Aphungu