Akuti mukundimeta ndinu

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Ife kunja kuno ku Wheaton tilipo. Chisanu chatha, ndipo ndabzalanso maungu kuseri kwa nyumba. Chaka chatha agwape anadya nkhwani wonse. Agwape akuno ndi amwano, amakuyang'ana m'maso uku akutafuna.

Mdzukulu wanu Pilirani wabereka mwana wamkazi. Ali ndi mphuno yanu yeniyeni. Tinagwirizana kalekale kuti adzatenga dzina lanu, Aginesi, koma akumutcha Madison. Ndikuuzeni mmene zinayendera, pakuti mtima wanga sunaphwe.

Patapita miyezi ingapo chikuikireni m'manda, ndinapita ku Gaithersburg kwa mlamu wanga, amake Chisomo, mkazi wa achimwene a Fosita, kuti akandiluke tsitsi. Ali mkati moluka anasiya, n'kundipatsa galasi. Kunkhongo kunali kadazi kozungulira, kosalala ngati tsaya la khanda. Ndinawapempha kuti zikhale za awirife. Anati, "Aa mlamu, don't worry, ine si wa miseche." Ndisanafike n'kunyumba komwe, chithunzi cha mutu wanga chinali pa gulupu ya amayi a kutchalitchi ndi ya abale a kumudzi. Anandijambula ndili chowerama.

Mlamuyo anafalitsa kuti mukundimeta ndinu. Eti poti sindinabwere ku maliro, ndipo abale atameta ine sindinamete nawo, mzimu wanu wakwiya. Amayi, si inu munandiuza pa foni muli m'chipatala kuti, "Usabwere mapepala okhalira kunjako asanatuluke, sangakulolenso kubwerera. Ine sindidzakuona, koma ana ako adzakusowa"? Maliro anu ndinalirira pa foni, nditatsamira makina ochapira kwa agogo amene ndimawasamalira aja. Mlamu ankadziwa zonsezi.

Apongozi a Pilirani atamva, anakana kuti mwana atenge dzina la munthu wobwezera ali m'manda. Kutchalitchi ena anati ndi chipere, moti anasiya kundipatsa makanda kuti ndinyamule. Uku madazi akuchuluka, nsidze imodzi n'kupita nayonso.

Dokotala wa khungu anati si chipere ndipo sizipatsirana. Chitetezo cha m'thupi mwanga chasokonezeka, chikulimbana ndi mizu ya tsitsi langa lomwe ngati kuti ndi mdani. Atayeza magazi anapeza vitamini D watsika kwambiri. Anati odwala matendawa nthawi zambiri amapezeka naye wochepa, ngakhale sangalumbire kuti ndiye gwero lake. Vitamini ameneyu thupi limamupanga likawombedwa ndi dzuwa. Ife akhungu lakuda timafuna dzuwa lambiri, koma lakuno m'chisanu ndi laulesi, ndipo ine ndimaswera m'nyumba ndi agogo aja. Ndinaseka ndekha, Amayi. Munkandikalipira kuti, "Choka padzuwapo iwe, udwala mutu." Lero dzuwa ndikumeza la m'botolo, jekeseni akundibaya m'mutu momwe. Tsitsi layamba kumera, loyera, lofewa ngati la mwanapiye.

Ndinawafotokozera mlamu zonsezi, n'kuwapempha kuti akalembe pa gulupu pomwe paja kuti analakwitsa. Anayankha kuti, "Zinapita zimenezo mlamu, let it go." Zinapita kwa yani? Mwana analembedwa kale dzina lina, ndipo kumudzi akuti ana akumathawa akamadutsa pafupi ndi manda anu.

Tsono mvetserani. Chisomo akukwatiwa mu Ogasiti ndi mnyamata wa ku Lusaka, ndipo holo apeza ku Upper Marlboro. Dzana mlamu anabwera ndi wigi yaitali yofika m'mapewa, ati ine monga azakhali a mkwatibwi ndisawachititse manyazi pamaso pa a ku Zambia. Ndinailandira ndi manja awiri, ndinapinda ndi bondo lomwe. Ulemu munandiphunzitsa bwino.

Munkati ndisamasungire munthu chakukhosi. Pepani Amayi, ichi chokha ndasunga, ndipo ndikuchisamala bwino. Azakhali amapatsidwa maikolofoni kuti alangize akwati, ndipo mwambo wonse adzauonetsa pa foni mpaka kumudzi. Nthawi yanga ikadzafika, ndidzavula wigiyo pang'onopang'ono n'kuiika patebulo pamaso pa mwini wake. Ndidzatembenuka kuti aliyense aone madaziwo bwinobwino, pakuti chithunzi chija sichinatuluke bwino. Ndidzanena zimene dokotala anapeza, ndidzatchula ndi dzina la munthu amene anandijambula. Mlamuyo akadzayamba kulira, ndidzadikira amalize kenako ndidzapitiriza.

Chisomo alibe mlandu, ndikudziwa, ndipo zikundiwawa kuti lidzakhala tsiku lake. Achimwene mwina sadzandilankhulanso. Zonsezi ndaziganizira, mtima sunasinthe. Munatilera nokha ndi geni ya tomato, achimwenewo mpaka kuwaphunzitsa, ndiye mkazi wawo asandutse inu mfiti ya m'manda ine ndili moyo? Ayi.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti tsiku limenelo, kuyambira m'holo mpaka kumudzi, aliyense adzamva kuti inu simunandilakwire, ndi kuti mwana wa Pilirani anamanidwa dzina labwino chifukwa cha bodza.

Ine mwana wanu,
Nelia