Mgolo Wabuluu Uja Musamweremonso

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Kuno tikudzuka ndithu, kungoti nyumba yandikulira chimwalirireni alamu anu. Nsapato zawo za kuntchito zikadali kuseri kwa chitseko, ndikamasesa ndimangozilambalala.

Sabata yatha taika atelala oyandikana nafe aja, matenda ake omwe aja anatenga alamu anu, khansa. Amayi ogulitsa makala nawonso chakudya chayamba kuwakanira pakhosi. Anamwino kuchipatala anandifunsa kuti, "Kodi mumsewu mwanumo muli chiyani? Kutsidya kwa mlatho sitiona odwala ochuluka chonchi." Anafunsa za fodya, za mowa, za utsi wa kufakitale. Ndinati bambo a ana anga fodya sankamudziwa n'komwe, mowa unali wa apo ndi apo. Kenako anafunsa kuti madzi akumwa timasungira muti.

Achemwali, ndinawauza za migolo ija. Mukukumbukira migolo yabuluu ya mankhwala ija, alamu anu ankabwera nayo kuchokera kufakitale n'kumagawira msewu wonse? Tinkaitsuka ndi sopo, fungo likatha tinkati yayera. Anamwinowo akuti sangatsimikize, mwina ndi migoloyo, mwina ndi utsi. Koma ine mtima sukukhala m'malo.

Mgolo tinakupatsani paukwati wanu uja, chonde musamweremonso. Muuboole pansi, mudzalemo maluwa.

Za ine musade nkhawa. Andiitananso kuchipatala Lachinayi, akuti akaonetsetse kanthu kena pabere lakumanzere. Sukulu zikatsekera mubwere mudzakhaleko masiku angapo, anawa akuzolowereni.

Ndine mng'ono wanu.