Mpondamatope

Okondedwa amalume a Amosi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko. Kuno ku Phalula tilipo. Chimanga chayamba kumasula, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Pulogalamu ya pafoni ndinayambitsa ndili kusukulu ija, yokonza mawu a Chichewa munthu akamalemba, ikadali moyo. Munkandiseka kuti ndikugwira ganyu waulere. Ndi yaulere ndithu, ndipo aliyense ali ndi ufulu wotitumizira mawu atsopano, ine n'kumasankha oti alowemo.

Sabata yatha wina wa ku Joni, wosatchula dzina, watumiza mawu akuti "mpondamatope", ati tanthauzo lake ndi njinga. Ndafunsa kwa Kalembo, ndafunsa kwa Kawinga, palibe akuwadziwa. Amalume, mawu amenewo ndinkawamva pakamwa pa bambo okha, akamandikweza pakaliyala popita kutchalitchi, asananyamuke ulendo wa kwanuko n'kungoti zii.

Amayi sindinawauze. Kodi inuyo poyenda m'tauni simunakumanepo ndi...

Kaya. Lamulo ndinaika ndekha ndi lakuti mawu odziwa munthu mmodzi salowa m'pulogalamuyi. Awa ndawalowetsa.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Luckness