Tsitsi la Chiyamiko

Kaomba, Kasungu
14 Meyi 2024

Achimwene anga a Levison,

Muli bwanji ku Lifupako? Ntchito ikuyenda? Kuno tilipo, kungoti mwana wanu Chiyamiko chifuwa chamubwereranso.

Lolemba pa 6 ine ndi mayi ake, Goodness, tinapita ku Lilongwe kukamva za magazi a mwanayu aja anatumizidwa kunja. Adokotala anati vuto lili m'chibadwa, pa kanthu kamodzi kotengera kwa makolo kotchedwa jini. Ndinawauza kuti sukulu ndinalekera sitandade 5, asandizungulitse. Anati m'thupi muli timauthenga totchedwa RNA, ndipo jiniyo imatidula ndi kutikonza tisanagwire ntchito, ngati mmene timasankhira fodya tisanadinde belo. Yake ya mwanayu sigwira bwino. N'chifukwa chake ndi wamfupi, tsitsi ndi lapatalipatali, matenda samuchedwa. Akuti anatengera kwa tonse awiri, poti tinakwatirana pachisuweni.

Kenaka anafunsa ngati kwathu kuli wina wooneka chonchi. Goodness anandiyang'ana. Ndinatchula inu. Anati amuna ena otere kubereka kumawavuta, ndipo sikuti analodzedwa.

Achimwene, apa ndinakumbukira akazi anu aja. Alamu a Fainess tinawathamangitsa tikuti ndi chumba. Katundu wawo ndinanyamula ndine panjinga, ndikuwanyoza njira yonse. Lero ali ndi ana awiri ku Chamama, ife tangoti chete. Ndinalakwa.

Tsopano zomwezo zafika m'nyumba mwanga. Amalume a Simeon akuti mwanayu ndi tsempho, eti Goodness anayenda ndi mwamuna wina mwana ali wakhanda, n'kumathira mchere m'ndiwo. Pepala lakuchipatala ndinawaonetsa, anati iwo saweruza mlandu ndi Chizungu. Ankhoswe akumana Loweruka pa 25. Akagwirizana ndi amalume, Goodness azipita kwawo ndi mwana yemwe, ndipo ulendo wobwereranso kuchipatala pa 3 Juni ndiye walephereka.

Chonde bwerani. Ndikudziwa chipewa chija simuvula pagulu chiyambire unyamata chifukwa cha tsitsi lanulo, ndipo kukupemphani izi kukundiwawa. Koma amalume pepala sawerenga, maso ali nawo. Mudzangokhala pampando, Chiyamiko pamiyendo panu, n'kuvula chipewacho. Zoyankhula ndidzayankhula ndine, ndi za a Fainess zomwe.

Mukakana sindikwiya, koma mundiyankhe lisanafike Lachinayi la pa 23.

Mundiperekere moni kwa a Aloysius ndi onse akuntchito. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Lucious