Mphonje za Chipewa cha Ambuye

Kandeu, Ntcheu
16 Julayi 2024

Okondedwa achimwene Dyton,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga a Nomsa. Kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatilowa m'mafupa. Kodi mukuvala zofunda? Chifuwa chanu chija chimandidetsa nkhawa.

Makina osokera amene munanditumizira andipezetsa ulemu. Lamulungu likubwerali Ambuye Episkopi adzabwera kutchalitchi kwathu kudzapereka Ulimbitso, ndipo mwana wanga Rute ali m'gulu la odzalandira. Akomiti anandisankha ine kuti ndisoke nsalu yaikulu ya chizindikiro cha dayosizi, chija chimakhala pamwamba pa makalata a Ambuye. Atandiuza, chakudya chinandikanika masiku awiri.

Akatekisiti athu atsopano, a Silvester, anandipatsa chithunzi chake papepala lopanda mitundu, nandilongosolera. Pakati pali chishango. Chimenecho sindinafunse, ife Angoni timachidziwa: n'chotchinjiriza anthu ako. Kumbuyo kwake kuli mtanda, pamwamba chipewa cha khonde lalikulu, ndipo m'mbali mukulendewera zingwe za mphonje. Anati chipewa ndi mphonjezo zikhale zobiriwira.

Apa ndiye pali nkhani imene ndakulemberani. Khalani pansi, achimwene.

Nsalu yobiriwira ndinaisowa. Pamsika pano panali yonyezimira yokha, ija imasosoka ukangolowetsa singano. Ndinafika mpaka ku Nsipe, osaipeza. Nditabwerera ndinatsegula sutikesi ya malemu bambo, ndipo pamwamba penipeni panali jekete yawo yobiriwira ija anabwera nayo kuchokera kumigodi. Inde, yomwe munandiuza tsiku lonyamuka kuti, "Lufina, undisungire, ndidzaivala ndikadzabwera." Ndinaitulutsa n'kuibwezamo katatu. Kachinayi ndinatenga sizasi.

Msana wake ndi umene wasanduka chipewa. Manja ake ndinawang'amba timizere n'kupota mphonje. Nsalu yake ndi yolimba, achimwene, zaka zonsezi njenjete sizinailawe.

Koma mverani zimene ndinachita. Pachithunzi mphonje zinali zisanu ndi imodzi mbali iliyonse: imodzi pamwamba, kenako ziwiri, kenako zitatu. Ine ndinaona ngati ndi ngayaye za chimanga, zopempherera zokolola. Ndinati mumtima, ndi chilala chimene taona chaka chino, bwanji ndiwonjezere? Nsalu ya bambo inalipo yotsala, ndiye ndinaika mzere wina wa zinayi kumunsi, uku ndi uku.

Lachisanu a Silvester anabwera ndi amayi a Esnath, apampando a komiti. Anawerenga ndi chala, kenako anagwira pakamwa.

"Mayi a Rute, kodi kalata ya ku Roma yafikira kwa inu?"

"Kalata yanji, aphunzitsi?"

"Mwawakweza udindo Ambuye athu! Khumi mbali iliyonse ndi za Arkiepiskopi. Mukanawonjezera mzere wina n'kuzifiiritsa, bwenzi tili ndi Kadinala pa Kandeu pano."

Amayi a Esnath anaseka mpaka kukhala pamphasa. "Lufina, undisokereko nanenso, mwina amuna anga n'kukhala ahedi kusukulu kwawo!"

Ndinafunsa ngati ndi tchimo lofunika kukalapa. A Silvester anati ayi, lofunika sizasi basi. Anandiuza kuti mphonjezo si chimanga, zimangosonyeza udindo, ndipo chipewacho n'cha mtundu umene abusa a Mpingo ankavala kale poyenda maulendo ataliatali padzuwa. Atagwira nsaluyo anafunsa kumene ndinaigula. Nditawauza anati, "Ndiye kuti yayenda kale ulendo wake."

Ndinasomola mzere wowonjezera uja bwinobwino, sipakuoneka ngakhale bowo la singano. Dzulo tinaipachika kumbuyo kwa guwa, moyang'anana ndi benchi lija bambo ankakhala. Ndikunena mosaopa, m'parishi yonse mulibe nsalu yoposa imeneyi. Za ntchitoyo mtima wanga uli m'malo. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi inu nokha.

Ndikudziwa ndinayenera kukufunsani. Koma mukanakana ndikanatani? Komanso, achimwene, papita zaka zisanu ndi zinayi jeketeyo ikukudikirani m'sutikesi. Ine ndinatopa kuiyanika chaka ndi chaka.

Mukagwedeza envelopuyi mugwa mphonje zisanu ndi zitatu zimene ndinachotsa zija. Ndi zanu. Mabatani a jeketeyo ndasunga, ndi thumba lam'kati limene bambo ankaikamo kolona. Zimenezo sinditumiza, mudzatenge nokha.

Rute akupereka moni, akuti Lamulungu adzakusungirani malo pabenchi la agogo ake ngakhale akudziwa kuti simufika. Moni kwa alamu ndi kwa ana amene sindinawaonepo. Ngati mwakwiya, ndiyankheni ndithu mokwiya, ndidzawerenga. Koma jekete yanu ikafunika, ili kutchalitchi, ndipo chitseko chake sakhoma masana.

Ndine mlongo wanu,
Lufina