Hadidiraivu ikafunsa, mukane

Mayi a ana,

Ndanyamuka m'bandakucha, basi sidikira munthu. Munali m'tulo tofa nato, sindinafune kukudzutsani.

Pepani, wolakwa ndine. Dzulo kompyuta yanu inapempha pulogalamu yatsopano, ine n'kuvomera, ndimati ndikukuthandizani. Chiyambire pamenepo hadidiraivu yanu ikuchita chibisalirano. Mukailumikiza ikuoneka, kenako zii. Ndikudziwa kuti ndi momwe muli zithunzi za ukwati munajambula zija, ndipo mkwatibwi akubwera kudzatenga masana ano. Mtima ukhale m'malo, zilimo zonse, ndaziona ndi maso angawa.

Ilumikizeni kubowo la kumanzere kwa kompyuta, lakumanja likukana. Mugwiritse ntchito kachingwe kakafupi kali mudirowa ya masokosi. Ikangoonekera, koperani zithunzizo msangamsanga, tebulo musaligwedeze. Zikavutabe, thamangirani kwa alamu anu, kompyuta yawo sinasinthidwe.

Chachikulu n'ichi: nthawi zina hadidiraivuyo ikumafunsa ngati mukufuna kuifufuta kuti iyambe kugwira ntchito. Mukavomera, ukwati wonse wa eni ake wapita. Ndimakudziwani inu, mumangodina “inde” osawerenga. Ngakhale ine munandilola choncho. Lero lokha, kanani.

Mwamuna wanu wosakhazikika uja