Jekete Yachimuna Pachingwe

Okondedwa Azakhali a Veronika,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko ndipo miyendo ija yasiya kuvuta. Kuno ku Mtakataka ana ali bwino, koma dzuwa likutiwotcha ngati tinalilakwira.

Ndamva kuti alamu anga, a Rodrick, anakuimbirani foni kudandaula kuti pachingwe panga payanikidwa jekete yachimuna. Sananame, ndipo ndi jekete yabwino.

Loweruka lapitali ndinakwera minibasi pa Golomoti kukaona Dedza, patatha zaka zonsezi ndikungoyang'ana mapiriwo ndili kumunsi. Monga mwana wa kuchigwa, ndinapita ndi kabulauzi kokha. Digiri yanga yonseyi sinandiuze kuti kumtunda kumazizira. Pofika kumapanga a Chongoni, kumene amayi akale anajambula zithunzi pamiyala, mano anali akugundana. A Kaliati, aphunzitsi amene anabwera ndi kalasi yawo, anavula jekete n'kundiveka. Kenako tinadya tchipisi paboma. Amalankhula mofatsa munthuyo. Zina ndidzakuuzani pamaso.

A Rodrick akuti sindiyenera kuyendayenda chifukwa akuchimuna sanandisudzule. Azakhali, amuna anga tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo. Ndinameta, ndinavala zakuda, ndinalira mokwana. Chaka chilichonse amati mwambo wondimasulawo uchitika akakolola. Akolola katatu tsopano. Ngati akufuna kundisudzula, pakhomo panga akupadziwa. Ngati sakufuna, ine pokwerera minibasi ndapadziwa.

Jeketeyo ndachapa, ndasita. Ndikabweza ndekha Loweruka likubwerali, ndipo juzi sinditenganso.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Idah